Kuphunzira pa intaneti kapena m'kalasi: mwana amapindula pati?

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana a makalasi a mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ndipo enawo pa 12 Okutobala. M'miyezi imeneyo tinayesa mokakamizika chinthu chimene akatswiri ankangokanganirana m'misonkhano: kuphunzitsa mwana ali kunyumba. Mayiko ena nawonso anakumana nazo, ku Uganda mpaka zaka pafupifupi ziwiri, moti lero pali zambiri zodziwika zimene kale zinali zongoganizira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, aphunzitsi ndi ana a sekondale amakonda kufunsa nkhaniyi ikayambika.

Tikamati kuphunzira pa intaneti, tikunena chiyani kwenikweni?

Anthu amaunjika zinthu zosiyana pansi pa dzina limodzi, ndipo mkangano wambiri umayambira pamenepo. Pali kalasi imene mphunzitsi ndi ana amakumana nthawi imodzi pa Zoom kapena Google Meet, aliyense ali kwawo. Pali mavidiyo ojambuliratu, monga a pa YouTube kapena a Khan Academy, amene mwana amaonera pamene wafunira, n'kubwereza pomwe sanamve. Pali notsi ndi mafunso amene mphunzitsi amaponya pa gulu la WhatsApp, ndipo kwa ana ambiri a m'tauni kuno kwathu maphunziro a pa intaneti anathera pamenepa. Ndiye pali mapulogalamu oikiratu mu tabuleti, osafuna netiweki n'komwe, amene kawirikawiri ana amawagwiritsa ntchito pasukulu pomwepo aphunzitsi akuyang'ana.

Njira zitatu zoyambazo zimamusiya mwana yekha ndi chipangizo. Yachinayiyo imalowa naye m'kalasi. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa foni ndi kompyuta.

Kodi kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi kunabwera ndi intaneti?

Ayi ndithu. Mu 1965, patangotha chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College kuti ana amene sanasankhidwe kupita kusekondale, komanso akuluakulu a pantchito, aziphunzira ndi mabuku otumizidwa papositi ndi maphunziro a pawailesi. Pambuyo pake dzina linasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education. Makolo ambiri a lero, aphunzitsi ndi anamwino omwe, anadutsa ku MCDE.

Chimene chinachitikira maphunziro amenewo n'chofunika kuchikumbukira. Ophunzira ankasonkhana m'masenta, kumene aphunzitsi, ambiri a iwo ochokera kupulayimale, anapatsidwa ntchito yowayang'anira powerenga. Kuyang'anirako kunasanduka kuphunzitsa. Kunabwera bolodi, belu ndi yunifolomu, ndipo mu 1998 boma linatembenuza masentawo kukhala ma CDSS amene tikuwadziwa lero. Maphunziro amene anayamba ndi envulopu ya papositi anathera m'chipinda chokhala ndi munthu wa choko m'manja. Ine ndimaona kuti sizinachitike mwangozi: mwana wa zaka 15 atapatsidwa buku la masamu kuti awerenge yekha amafika pena n'kuima, ndipo buku silingamufunse kuti waima pati.

Ngakhale Tikwere, pulogalamu ya mphindi 30 ya ana a Sitandade 1 mpaka 3 imene MBC inayamba kuulutsa cha m'ma 2008, inakonzedwa kuti ana azimvera ali m'kalasi. Wailesi inkalankhula, koma woimiritsa ana, wowaimbitsa ndi wolemba pabolodi anali mphunzitsi wawo.

Nanga sukulu zitatsekedwa mu 2020, ana athu anaphunziradi kunyumba?

Ochepa anaphunzira, ambiri ayi. Unduna wa Zamaphunziro sunakhale manja lende. Unaika maphunziro a pulayimale pawailesi, unaika notsi za sekondale pa tsamba la Notesmaster pomwe kampani ya TNM inalola ana kulowa osadula mayunitsi, ndipo unasindikiza timabuku ta ena amene sakanafika pa intaneti. Koma kalembera wa 2018 anali atatiuza kale mmene zidzathere. Anthu 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Mabanja okhala ndi foni anali pafupifupi theka. Wailesi inali m'banja limodzi mwa atatu, kompyuta m'mabanja 4 mwa 100, ndipo nyumba zowunikira magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100.

Komanso manambala amenewa amakometsa zinthu. Kalembera akalemba kuti banja lili ndi foni, sanena kuti foniyo ndi ya mabatani, kapena kuti ndi ya bambo ndipo imachoka nawo m'mamawa kupita kumsika kapena pa kabaza. Sanena kuti kuitchaja n'kolipira pa golosale ya sola, ndiponso kuti netiweki imagwira bwino munthu akakwera pachulu. Pakhomo pa ana asanu, wa Fomu 4 akatenga foni, wa Sitandade 6 waphonya. Kuwonjezera apo, sukulu zinatsekedwa pamene chimanga chinkauma m'munda. Mwana amene ali pakhomo nthawi yokolola si mwana wasukulu, ndi manja owonjezera.

Mayeso a MSCE a 2020 anakhoza ana pafupifupi 41 mwa 100, pamene mu 2019 anakhoza pafupifupi 50. Sitingaloze chala kutsekedwa kwa sukulu kokha, chifukwa mayesowo anaimitsidwa mu Novembala atabedwa n'kulembedwanso mu Januwale 2021, ana atatopa kale. Komabe palibe mphunzitsi amene analandiranso kalasi yake mu Okutobala amene anganene kuti anapeza ana ali pomwe anawasiya. Ndipo sitinali tokha: bungwe la UNICEF linawerengera kuti ana osachepera 463 miliyoni padziko lonse, mwana mmodzi mwa atatu, sanafikiridwe ndi maphunziro alionse a kutali.

Ndiye kuti vuto ndi umphawi basi? Kumene kuli magetsi ndi intaneti zinayenda bwino?

Yankho la funso ili ndilo limadabwitsa anthu. Titenge dziko la Netherlands, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti yothamanga ndipo sukulu zinatsekedwa masabata 8 okha pa ulendo woyamba. Ofufuza a ku University of Oxford anayerekeza mayeso a ana a pulayimale pafupifupi 350,000 ndi a zaka za m'mbuyo. Anapeza kuti anawo anatsalira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka cha sukulu, zomwe zikufanana ndi nthawi yonse imene anakhala kunyumba. Kunena kwina, pa masabata amenewo, ngakhale panali makompyuta ndi aphunzitsi pa vidiyo, anawo sanasunthe kwenikweni. Ana a makolo osaphunzira kwambiri anatsalira koposa, mpaka ndi 60 pa 100 kuposa anzawo.

Wina anganene kuti imeneyo inali nthawi ya mliri, zonse zinachitika mothamanga. Chabwino. Ku America kuli sukulu zimene zinakonzedwa kuyambira pachiyambi kuti ziziphunzitsa pa intaneti pokha, ndipo makolo amazisankha okha. Mu 2015 ofufuza a CREDO ku Stanford University anayerekeza ana a m'sukulu zimenezi ndi anzawo ofanana nawo a m'sukulu wamba. Pa kuwerenga, ana a pa intaneti ankatsalira ndi masiku 72 pachaka. Pa masamu ankatsalira ndi masiku 180, ndipo chaka cha sukulu kumeneko ndi masiku 180 omwewo.

Ngakhale akuluakulu zimawavuta. Pa maphunziro aulere a pa intaneti a mayunivesite a Harvard ndi MIT, ofufuza anapeza kuti mu 2017 ndi 2018 omaliza anali pafupifupi 3 mwa 100 alionse olembetsa. Amenewa ndi anthu odzifunira okha, ambiri okhala kale ndi madigiri. Tsono tiyembekezere chiyani kwa mnyamata wa Fomu 2 amene anzake akumuitana kubwalo la mpira?

Kodi mphunzitsi m'kalasi amachita chiyani chimene vidiyo singathe? Ena a pa YouTube amafotokoza bwino kuposa aphunzitsi athu.

N'zoona, ena amafotokoza bwino kwambiri, ndipo satopa kubwereza. Koma kufotokoza ndi mbali imodzi chabe ya uphunzitsi, mwinanso si yaikulu.

Taonani mphunzitsi wodziwa ntchito yake akuphunzitsa kuchotsera kobwereka ku Sitandade 3. Walemba 52 kuchotsa 27. Akuyenda pakati pa ana, akusuzumira m'makope. Wapeza 35 m'makope anayi. Sanena kuti "mwalakwa" n'kupitirira. Wadziwa kale chimene chachitika: anawo achotsa 2 ku 7 chifukwa anauzidwa kalekale kuti nambala yaing'ono ndiyo imachotsedwa ku yaikulu. Abwerera pabolodi, atenga mitolo ya timitengo, amasula mtolo umodzi ana akuona. Mtsikana wa kumbuyo wagwedeza mutu ngati wamva, koma maso ake akunena zina, ndiye amutchula dzina kuti abwere adzachite yekha. Zonsezi zachitika mphindi zisanu. Vidiyo ikanapitirira mpaka kumapeto, ndipo mwana akanatsala ndi 35 wake, ali wokhutira.

Chachiwiri n'chosaoneka koma champhamvu: sukulu imasunga nthawi m'malo mwa mwana. Belu likalira pali poyenera kukhala. Ukajomba dzina lako liitanidwa ndipo wina afunsa. Ntchito ukapanda kulemba, mawa aphunzitsi akamachonga uchita manyazi. Mwana sabadwa ndi luso lodzikhazika pansi kuchita chinthu chovuta chimene phindu lake lidzaoneka patapita zaka. Amaliphunzira pang'onopang'ono, ndipo pamene akuliphunzira amadalira akuluakulu omuzungulira. Maphunziro a pa intaneti amafuna kuti lusolo akhale nalo kale. Ngati alibe, payenera kukhala kholo loti lichite ntchito ya belu, ya kaundula ndi ya ahedi. Ichi n'chifukwa chake mwana wa mayi amene ndi mphunzitsi kapena namwino anapitiriza kuphunzira mu 2020, pamene mnzake wokhala ndi agogo osadziwa kuwerenga anaima. Kusiyana kwawo sikunali nzeru.

Chachitatu ndi anzake. Ana amaphunzitsana kwambiri kuposa mmene timaganizira. Mwana amene waopa kufunsa aphunzitsi amanong'oneza mnzake wa pambali, ndipo mnzakeyo amamufotokozera m'Chichewa kapena m'Chitumbuka cha kubwalo, mawu awiri atatu, nkhani yatha.

Koma mukunena kalasi iti? Kwathu ana amakhala oposa 100, ena pansi pa mtengo.

Apa wofunsa ali ndi mfundo, ndipo oteteza kalasi ayenera kuimva. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwanirepo kuyambira pamenepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma ku Sitandade 1 ndi 2 kupeza ana 100 kapena 150 kwa mphunzitsi mmodzi si nkhani. Mphunzitsi wa m'kalasi yotere sangasuzumire m'makope onse. Amaphunzitsa a kutsogolo, ena onse amayankha mokuwa pamodzi, ndipo mwana akhoza kufika Sitandade 4 akubisala m'mawu a anzake, osatha kuwerenga chiganizo chimodzi payekha. Kalasi imene ofufuza aja ankayerekeza ndi intaneti ku Netherlands si imeneyi.

M'malo ngati amenewa ndi momwe zipangizo zaonetsa mphamvu, koma onani mmene zagwirira ntchito. Bungwe la onebillion la ku London linapanga pulogalamu ya masamu ndi kuwerenga m'Chichewa. Mwana amavala zomvera m'makutu, tabuleti imamulankhula, iye amakhudza yankho, ndipo nthawi yomweyo amadziwa ngati wakhoza. Akalakwa sapita patsogolo mpaka amvetse. Mu 2013 Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anaiyesa pasukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe: mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Ana amene anagwiritsa ntchito pulogalamu ya masamuyo, makamaka a Sitandade 2 ndi 3, anaposa anzawo amene anangophunzira mwa masiku onse. Bungwe la VSO linaifalitsa m'sukulu zambiri, ndipo mu 2019 onebillion inapambana nawo mphoto ya Global Learning XPRIZE pulogalamu yake itayesedwa m'midzi ya ku Tanga ku Tanzania. Kuyambira mu 2023 boma likuyendetsa ntchito yotchedwa BEFIT, imene inayamba ndi sukulu 500 ndipo cholinga chake n'kufika m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe ndi pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amatchajidwa ndi sola ndipo safuna netiweki pophunzira.

Ku Delhi ku India kunachitika zofanana ndi pulogalamu ya Mindspark. Ana ankapita kumasenta akaweruka, theka la nthawi ali pa kompyuta, theka lina ali ndi wowathandiza m'kagulu kakang'ono. Kompyuta inkayamba yapima pamene mwana ali, chifukwa ambiri anali atatsalira ndi makalasi awiri kapena atatu, n'kumupatsa ntchito ya msinkhu wakewo osati wa kalasi yake. Pa miyezi inayi ndi theka, anawo anapita patsogolo pa masamu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo.

Tsono izi si kuphunzira pa intaneti kumene anthu amanena. Mwana wadzuka, wasamba, wapita kumalo kumene akumuyembekezera, pa nthawi yoikika, munthu wamkulu ali pomwepo. Chipangizo changotenga ntchito imodzi imene mphunzitsi wa ana 120 sangaithe, yoyankha mwana aliyense payekha.

Ndiye bwanji boma kapena mabungwe osangogawa laputopu kwa mwana aliyense?

Dziko la Peru linayesa. Linagula malaputopu mazanamazana a zikwi pansi pa ntchito ya One Laptop per Child n'kugawa m'sukulu za kumidzi. Mu 2012 ofufuza a Inter-American Development Bank anatulutsa zimene anapeza m'sukulu 319 patatha miyezi 15. Ana anadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi pa chiyankhulo panalibe kusintha. M'malaputopumo munalibe maphunziro olumikizana ndi silabasi, ndipo aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira.

Zili ngati kuthira feteleza m'munda wosapalira: chonenepa ndi udzu. Chipangizo chikafika kwa mwana popanda womuuza chochita, zimene zimakula ndi magemu ndi mavidiyo oseketsa. Ndipo ndalama zake sizithera pogula. Mabatire amafa, magalasi amasweka, akuba amabwera usiku. Aliyense amene wayendako m'sukulu zathu waonapo chipinda cha makompyuta opatsidwa ndi abwenzi akunja, chokhoma bwinobwino, fumbi lili mbuu, chifukwa wokonza anasowa kapena bilu ya magetsi inakanika. Funso loyamba kwa wobweretsa zipangizo likhale lakuti: pakatha zaka zitatu adzazikonza ndani, ndi ndalama za ndani?

Kupatula maphunziro, mwana amataya chiyani akakhala kunyumba?

Ambiri amataya chakudya. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002 ndi ana 200, lero limaphikira phala ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu za dziko lino. Kwa ana ena kapu ya phala imeneyo ndiyo chakudya chodalirika cha tsikulo. Sukulu zitatsekedwa ufa unkagawidwa kuti makolo akaphike kunyumba, koma ufa wa mwana mmodzi ukalowa m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri tonse tikudziwa mmene umathera.

Atsikana anataya zambiri. Kafukufuku wachangu amene boma linachita mu 2020 anapeza atsikana achichepere oposa 40,000 amene anatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa ya kutsekedwako. Mavuto amenewa analipo kale, koma sukulu inkawatchinga. Mtsikana akasowa masiku atatu aphunzitsi amafunsa, amayi a mother group amapita kunyumba kwawo, nkhani imafika kwa amfumu. Akasowa pa gulu la WhatsApp palibe amene amadziwa. Komanso pakhomo, mnyamata akamamvera phunziro pawailesi, kawirikawiri mlongo wake amakhala ali kumjigo kapena wabereka mwana.

Palibe amene maphunziro a pa intaneti amamuthandizadi?

Alipo, ndipo si ochepa. Woyamba ndi mwana wamkulu amene akudziwa chimene akufuna. Wa Fomu 4 pa CDSS imene ilibe mphunzitsi wa Chemistry kapena labotale akhoza kuona pa vidiyo mmene amayezera asidi, chinthu chimene akanangochiloweza m'notsi. Sizifanana ndi kugwira botolo ndi manja ake, koma zikuposa kusaonako n'komwe. Wobwereza MSCE amene masana ali pa ganyu akhoza kupeza mapepala a mayeso akale ndi kufunsana ndi anzake usiku. Mayi amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, mwana wolumala amene sukulu ili kutali makilomita asanu ndi awiri, mphunzitsi wofuna digiri pa maphunziro a kutali a Mzuzu University osasiya ntchito: kwa onsewa kusankha sikuli pakati pa intaneti ndi kalasi, koma pakati pa intaneti ndi kukhala chabe.

Aphunzitsi nawonso amapindula, mwina kuposa ana. Mphunzitsi wa kumudzi amene wapatsidwa phunziro limene sanaliphunzire kukoleji akhoza kuonera usiku mmene mnzake amaliphunzitsira, mawa n'kukaima pamaso pa ana 70 ali wokonzeka. Bandulo imodzi yatumikira kalasi yonse.

Chopinga chachikulu ndi chiyankhulo. Pafupifupi zonse zabwino za pa intaneti zili m'Chingerezi, cholankhulidwa mothamanga ndi Amereka, Angerezi kapena Amwenye, ndipo zinakonzedwera masilabasi a kwawo osati a MANEB. Mwana amene Chingerezi chikumuvuta kale, amenenso ndiye akufunika thandizo kwambiri, amangoona zithunzi zikuyenda.

Mwana wanga wa kusekondale akuti ndimugulire foni yamakono kuti aziwerengera. Ndigule?

Musanayankhe, mufunseni kuti akuonetseni chimene akufuna kuwerengacho. Mwana wofunadi sachedwa: atchula phunziro, atchula mutu umene wamuvuta, akuonetsani vidiyo yake pa foni ya mnzake. Wongoti "zonse zili pa intaneti" akufuna foni, osati maphunziro, ndipo si mlandu, nafenso timaifuna.

Ngati mwagula, ndi bwino foniyo ikhale ya pakhomo osati ya m'thumba mwake, ndipo isagone kuchipinda kwake. Mavidiyo amadya mayunitsi msanga, choncho ndi bwino kuwatsitsa kamodzi n'kumaonera popanda netiweki. Chofunika kwambiri ndi kope. Mwana amene waonera phunziro la masamu kwa ola lathunthu osalemba kalikonse amamva ngati wadziwa, chifukwa zinkaoneka zophweka pamene wina ankachita. Muuzeni atseke foni achite samu yofanana nayo papepala. Simufunika kudziwa algebra kuti muone ngati tsamba ladzaza kapena ayi.

Muchenjezeninso za zinthu ziwiri. Nyengo ya mayeso ikayandikira pa WhatsApp pamadzaza anthu ogulitsa likasa. Ambiri ndi akuba chabe, ndipo ngakhale pepalalo litakhala lenileni, a mu 2020 angamuuze mmene zimawawira kulemba mayeso kawiri. Chinanso ndi mapulogalamu ngati ChatGPT amene amalemba yankho lonse mwana atangofunsa. Kuwafunsa kuti afotokoze pomwe sanamve n'kothandiza, ngakhale nthawi zina amanama molimba mtima. Kukopera yankho n'kukapereka kwa aphunzitsi ndi kudzinamiza, chifukwa m'chipinda cha mayeso mulibe foni.

Ndipo ngati ndalama ndi yokwana chinthu chimodzi, foni kapena mabuku a silabasi ndi nyali ya sola, ine ndingayambe ndi mabuku ndi nyali.

Sukulu zikadzatsekedwanso, tidzachite chiyani chosiyana ndi 2020?

Zidzatsekedwanso, ndipo zatsekedwapo kale. Mu Januwale 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anaimitsa maphunziro m'maboma a kummwera, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinakokoloka. Pa nthawi zotere magetsi ndi netiweki ndizo zimayamba kufa: namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Dongosolo lodalira Zoom limagwa tsiku lomwe lafunika.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'ana chili ku Botswana. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, bungwe la Young 1ove, limene tsopano limatchedwa Youth Impact, linayesa njira yotchipa pa mabanja pafupifupi 4,500. Ena ankalandira uthenga wa pafoni wokhala ndi masamu ochepa sabata iliyonse. Ena ankalandira uthengawo, kenako munthu n'kuwaimbira foni kwa mphindi 15 kapena 20, kholo litaika foni pokweza mawu, mwana akuchita samu ndi kuyankha. Uthenga wokha sunasinthe zambiri. Uthenga pamodzi ndi kuimbira kunachepetsa chiwerengero cha ana osatha masamu oyambira ndi 31 pa 100. Foni yake inali ya mabatani yomweyi. Njirayi inayesedwanso ku India, Kenya, Nepal, Philippines ndi Uganda ndipo inathandiza. Si kuti kuimba kulikonse kumagwira ntchito: ku Sierra Leone kafukufuku wina wa kuimbira ana sanapeze kusintha pa mayeso. Pamene zinayenda bwino kwambiri ndi pamene woimbayo ankayamba wadziwa chimene mwana akutha ndi chimene chikumukanika, n'kuyambira pamenepo.

Zimenezi sukulu iliyonse ikhoza kukonzekera teremu isanathe. Mphunzitsi wa kalasi akhale ndi nambala ya foni ya kholo, kapena ya woyandikana naye nyumba, ya mwana aliyense. Timapepala ta ntchito tisindikizidwiretu tisungidwe mu ofesi ya ahedi, kuti ana atenge tsiku lotsekera. Nthawi ya maphunziro a pawailesi ilengezedwe kumatchalitchi, kumizikiti ndi kwa amfumu, ndipo ana a mudzi umodzi azimvera pamodzi pakhomo pamene pali wailesi, wa Fomu 4 kapena mphunzitsi wopuma ntchito akuwatsogolera. Mayunitsi oti aphunzitsi aziimbira makolo alowe mu bajeti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, pamodzi ndi matenti ndi ufa, chifukwa mphunzitsi wa ana 80 sangawalipire pa malipiro ake.